Maliro a Phungu wa Matenanti

Ndinadzuka kunja kusanayere, nditatsamira khoma pafupi ndi bokosi la amuna anga. Amayi a kumpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse. Panja moto wa pasiwa unali kuzilala, ndipo chisanu cha nyengo yokumba mtedza chinkalowera pansi pa chitseko.

Amuna anga kwawo ndi konkuno kwa Mlonyeni. Ine ndinabwera ndili mwana kuchokera ku Phalombe, makolo anga atadzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Kumeneko ndiko amuna angawo anandipeza, masiku amene ankazungulira panjinga kusonkhanitsa matenanti kuti amenyere malo awoawo. Anagonapo m'chitokosi chifukwa cha nkhaniyi, kenaka anthu anawasankha kukhala phungu. Koma munda wathu uli pa malo a kuchikazi kwawo. Ndikawakumbutsa kuti akonze zoti ukhale wanga, ankangoseka: "Ndiyambe ndathana ndi za anthu." Za anthuzo sizinathe.

Dzuwa litatuluka, amayi anayala mafuwa kuseri kwa nyumba, utsi uli tolo. Matenanti anafika wapansi, ena kuchokera kwa Dambe, atasenza nkhuni. Akuluakulu a magalimoto ndiwo anatidikiritsa mpaka masana, ngati kuti maliro anali awo. Aliyense woyankhula ankati malemuwa anapatsa malo anthu opanda malo, khamu n'kumavomera. Ine maso anali kwina. Adzukulu awiri a malemuwo, ana a alongo awo, anali ataima m'malire a munda, akulozerana mizere.

Popita kumanda mphepo inauka ndi fumbi. Anandigwira mikono amayi awiri osawadziwa. Anthu anali ochuluka zedi, koma sindinasungulumwepo chotere chibadwire.

Madzulo, matenti atapasulidwa, akulu awo a malemu anadzakhala pakhomo. Anavula chipewa, nayankhula mofatsa ndithu.

"Alamu, pepani. Mtedza uja mukumbe, ndi thukuta lanu. Koma za mbewu musavutike n'kusunga."

"Ndamva, alamu," ndinatero.

Atachoka, nyumba inangoti zii. Amayi otsala kuti agone nane anagona msanga ndi kutopa. Ndinakhala ndekha pamphasa, n'kumayesa kukumbukira njira ya kumudzi kwathu ku Phalombe. M'maganizomo sindinapeze ngakhale munthu mmodzi kumeneko amene angandizindikire nditafika.