Kansalu ka pansi pa mpando

Kuyambira tsiku la chinkhoswe, ine ndi apongozi anga aakazi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ya kudimba iwo ankapatukira m'chimanga, ine n'kumapereka moni kwa mtengo. Ndiye mmawa umene ndinawakweza panjinga yanga yamoto, tonse awiri tinali ouma ngati zitsa.

Sitikanachitira mwina. Mkazi wanga anali atavutika pobereka kuchipatala cha ku Champiti, ndipo ambulansi inamutengera ku Boma apongoziwo ali kumudzi kokatenga ufa ndi zitenje. Ankafunika mayi ake pambali. Iwo anaika basiketi pakati pathu, nagwira chitsulo chakumbuyo osati ine, tinanyamuka.

Tisanatulukire pamsewu wa tara ku Nsipe, njinga inagunda bampu n'kuzima. Sinatsokomole n'komwe. Apongozi anatsika n'kukaima chapatali, atandifulatira. Ndinagwedeza thanki, petulo analimo. Ndinaponda kiki mpaka thukuta kulowa m'maso, koma zii. Kenako ndinaona kuti kanyali kobiriwira sikakuyaka ngakhale kiyi ndamutembenuza, ndipo hutala nayo inali duu. Moto wonse ukathawa chonchi nthawi imodzi, munthu umayamba wayang'ana fyuzi yaikulu, yomwe panjinga yangayo imakhala pafupi ndi batire, pansi pa mpando.

Ndinamasula mpandowo n'kuzula fyuzi ija. Nditaiyang'ana padzuwa, kawaya kam'kati kanali kataduka, pulasitiki itada. Yapadera ndinali nayo imodzi yokha. Mtima unkati ingolowetsa tizipita, koma fyuzi siipsa popanda chifukwa, ndipo iyi ikanapsanso mkazi wanga akanakhala yekha. Ndinayamba kulondola waya wofiira ndi chala kuchokera pabatire.

Chala chinakafika pakanthu kolimba. Kanali kamtolo kakang'ono ngati chala chachikulu, kosokedwa m'kansalu, komangidwa ndi waya wamkuwa pachitsulo cha njinga. Womangayo anakulunga pamodzi ndi waya wofiira uja. Mkuwawo unakhala ukudya mphira pang'onopang'ono, ndipo bampu ija inangomaliza ntchito. Chinali chithumwa. Kansaluko ndinakadziwa pomwepo, kachikasu ka timasamba takuda. Chitenje chake mayi anga ondibereka ankachivala popita kumsika, ndipo njingayi inagona pakhomo pawo sabata imene ndinaigula.

Manyazi anandigwira. Mayi anga ndi apongozi amakhala benchi imodzi kutchalitchi, onse mu zoyera, ndipo apongoziwo ndi aja amayambitsa nyimbo pamaliro. Ndinafuna kukabisa m'thumba, koma chithunzithunzi cha apongozi chinali chitagwera kale pabatire. Kuchedwa kunawasendeza pafupi.

Ndinalankhula zambiri, maso ali pansi. Ndinati sindikudziwa kuti kachoka kuti, kuti mwina ndi anyamata a kushopu kumene ndinagula njinga, kuti anthu a masiku ano ndi oipa mtima. Ndinamasula mkuwawo mwaukali, n'kukweza dzanja kuti ndikaponye kutchire.

"Bambo, musataye," anatero apongozi.

Aka kanali koyamba kundilankhula popanda wodutsiramo. Anatambasula manja awiri, ine n'kuwaikira kamtoloko. Anakatembenuza, nasisita kansaluko ndi chala. Chitenje chija iwonso ankachidziwa, ndinaonera mmene ankakasisitira. Anangondiuza kuti ndipitirize ntchito, nthawi ikutha.

Ndinadula kachidutswa palegeni yomangira katundu, n'kukulunga pamene waya anasupuka, kenako ndinamupatutsa kuti asakhudzenso chitsulo. Kenako ndinalowetsa fyuzi yapadera ija. Nditatembenuza kiyi, kanyali kobiriwira kanayaka. Ndinaliza hutala, mbuzi ina patsidya n'kudzidzimuka.

Ndikuti ndibwezere mpando, apongozi anang'amba kamzere m'mphepete mwa chitenje chawo, napereka pamodzi ndi kamtolo kaja.

"Mangani ndi nsalu, kutali ndi mawaya," anatero. "Ine zimenezi sindizikhulupirira. Koma amene anasoka apa ankaopa kuti mwana wawo afera pamsewu. Mantha amenewo lero ndikuwadziwa."

Ndinakamanga monga ananenera. Sanatchule dzina la munthu, ndipo mpaka lero sanauzepo wina aliyense, ngakhale mkazi wanga. Panjira yotsalayo basiketi anaiika pamiyendo, dzanja limodzi atagwira malaya anga, ndipo pamabampu ankati ndisachepetse liwiro.

Tinapeza mkazi wanga atalowa kale kuchipinda cha opareshoni. Apongozi anathamangira mkati, ine ndinatsala panja pafupi ndi akabaza. Masana anatuluka n'kutuma mayi wina kudzandiuza kuti kwabadwa mwana wamkazi ndipo onse ali bwino, ngakhale iwo eni anali ataima poti ndikanawamva. Ulemu wathu unali utabwerera m'malo mwake.

Mawa lake mayi anga anafika ndi nkhuku, atavala chitenje chachikasu chija, chong'ambika pakona. Apongozi anawalandira, nawakhazika pamkeka, nawapatsa khanda. Ine ndinayang'ana pakona pong'ambikapo, n'kukumbukira kuti dzulo lake ndinawaika mayi angawo m'gulu la anthu oipa mtima. Ndinalephera kuwapatsa moni bwinobwino, mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.