Laini Yomaliza m'Bokosi la Faustino

Pa purazi ina, famu ya tirigu kufupi ndi Glendale kumpoto kwa Harare, pali munthu wokonza mapampu, dzina lake Faustino. Anabadwira pakomboni pomwepo. Makolo ake anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo, ndipo anafera pa purazi osabwerera kwawo. Sukulu analekeza folomu yachiwiri, n'kuyamba kunyamulira masipanala mmisiri wina wokalamba amene ankayang'anira zothirira. Eni purazi anasintha kawiri, koma mapampu anakhala omwewo, ndiye Faustino naye anakhala. Si munthu wolankhula zambiri. Akaima m'mbali mwa damu, pampu yodwala amaidziwa pongomva kulira kwake.

Popeza ankalemba bwino, anthu anamusankha kukhala mlembi wa bungwe la maliro, ndipo ntchito yowerenga mbiri ya womwalira kumanda inali yake. Apa ndi pamene pankamuvuta. Nkhalamba ikatsikira kulichete, iye ankafunsa ana kuti malemu kwawo kunali kuti. Ana ankangoti, "Ku Malawi," kapena, "Ku Moza," basi. Mudzi osaudziwa, mfumu osaidziwa. Faustino ankaima kumutu kwa manda ndi kapepala kopanda kanthu, manyazi atamugwira.

Chaka chimene ofesi ya purazi inagula makompyuta atsopano, iye anapempha kabokosi kakuda kamene ankafuna kukataya. Inali seva, makina osungira zithunzi, makalata ndi mawu. Mkati mwake munali madisiki awiri, ndipo chilichonse cholowa mu disiki imodzi chinkalembedwanso mu inzake, kuti ina ikafa ina itsale. Anaiika pamwamba pa kabati, n'kuilumikiza ku batire ya sola ndi ku waifai. Kayendetsedwe kake anaphunzira poonera mavidiyo pafoni. Kenako anayamba kuyenda khomo ndi khomo Lamlungu masana, kujambula zitupa, makadi a ubatizo ndi mawu a okalamba.

Zinthuzo anazisanja monga momwe komboni inamangidwira. Nyumba za pakomboni zili m'mizere imene anthu amaitcha malaini. Laini yoyamba ndi ya foromani ndi makalaliki. Yachiwiri ndi ya madalaivala ndi amisiri, kenako anthu a m'munda, mpaka laini yachisanu ndi chimodzi, kumunsi kufupi ndi dambo, kumene amakhala okalamba opuma ntchito. Ufa ukabwera amayamba kulandira ndi a laini yoyamba. Katemera akabwera, chimodzimodzi. Faustino sanaganize kawiri. M'bokosi mwake analemba Laini 1 mpaka Laini 6, banja lililonse pamalo pake.

Sekuru Lazalo, ndiko kuti agogo m'chinenero cha kuno, anali a Laini 6. Anabwera wapansi kuchokera ku Angonia ali mnyamata, ndipo anasonkheza moto m'mabalani a fodya mpaka maso anawafooka. Anakana kujambulidwa kwa miyezi yambiri, koma Lamlungu lina anamuitana okha.

"Iwe mwana wa Zuze, ukufuna kunditsekera m'bokosi ndisanafe?"

"Mawu okha, sekuru."

"Nanga ine ndatsala ndi chiyani china? Khala apo. Foni yako yosweka galasiyo ichotse, tenga yangayi, anandigulira Tecla. Mawu anga asalowe m'chinthu chauve."

Analankhula maola awiri. Anatchula mudzi wawo, mfumu yawo, alongo awo, ndi njira yonse kuchokera ku Ulongwe wa ku Angonia, mtsinje ndi mtsinje. Pomaliza anati, "Ndikafa, Tecla akapereke bulangete langa kwathu, adziwe kuti ndinagona kuno." Tecla ndiye mwana wawo yekhayo amene anatsala, mayi wosankha mbewu ku shedi. Tsikulo anali ku msonkhano wa amayi a mpingo. Faustino ankagwedeza mutu, koma khutu lina linali ku damu, kumene pampu yaikulu inkatsokomola. Sanadandaule. Foni inali kumvera m'malo mwake. Madzulo anakopera mawuwo m'bokosi.

Patapita chaka, kagetsi ka pa seva kanasintha. Kanali kobiriwira, kanakhala kachikasu, ndipo bokosi linayamba kulira ngati mwanapiye. Faustino anaona pa laputopu kuti disiki imodzi yafa. Ankadziwa tanthauzo lake: zinthu za komboni yonse tsopano zinali pa mwendo umodzi. Koma pa purazi pali lamulo losalembedwa limene bambo ake anamuphunzitsa ali wamng'ono, loti wonena kuti chinthu chawonongeka ndiye amene wachiwononga. Umayamba wakonza, kenako n'kumanena. Anatseka kulirako, n'kutembenuza bokosi kuti kagetsi kayang'ane kukhoma.

"Nanga wailesi yanu yasiya kuimba bwanji, baba Shingai?" anafunsa mkazi wake Carolina, pomuitanira dzina la mwana wawo.

"Ndaikonza," iye anatero.

Mumtima ankati akatha kudzala tirigu apita ku Glendale kukafuna disiki ina. Kudzala kutatha kunabwera kuthirira.

Sekuru Lazalo anamwalira m'mwezi wa Juni. Kumanda Faustino anangoti malemu anali a ku Angonia, popeza maliro anam'peza ali pakalikiliki ndipo sanapeze mpata womvetseranso mawu aja. M'mawa mwake achibale anayala mphasa pabwalo kuti agawe nhumbi, ndiko kuti zovala ndi katundu wa malemu, monga amachitira anthu a kuno. Jekete linapita kwa uyu, nsapato kwa uyo. Bulangete analiika padera. Foni inagwera Nobert, mphwake wa malemu mkazi wawo, amene anachokera ku Mhangura. Tecla anaigwira foniyo osafuna kuisiya.

"Mukoma Faustino, mawu a baba ali m'fonimu."

Anthu onse anatembenukira kwa iye. Mayi wina anati, "Iii, Tecla, ukuopa chiyani? Tili ndi dokotala wathu wa makina pano."

"Perekani, mlongo," anatero Faustino. "Zonse zili m'bokosi, ndipo zili pawiri."

Pamene ankanena zimenezi n'kuti kagetsi kachikasu kali koyang'ana kukhoma miyezi itatu. Nobert atafika kwawo anafufuta zonse za m'fonimo kuti aikemo nyimbo zake.

Mu Seputembala Tecla analandira pasipoti imene anaidikira nthawi yaitali. Anakumana ndi Faustino pa chigayo, nkhope ili mwee.

"Loweruka ndibwera ndi kope, mukoma. Timvetsere baba, ndilembe njira."

Lolemba la sabata yomweyo Faustino anatsegula laputopu kuti akonzeretu mawuwo. Bokosi linachedwa kuyankha. Anaikapo dzanja, kumva kutentha ngati chiwaya. Fani yake inali itatsekeka ndi fumbi lofiira la m'misewu ya mathirakitala. Ndiye anachita zimene akanachitira injini iliyonse yotentha. Analizimitsa, analimanga ndi malegeni pa kaliyala ya njinga, n'kupalasa makilomita atatu a msewu wa mabampu kupita ku wekishopu. Kumeneko analipemerera ndi kompuresa mpaka linawala. Pobwerera anadutsa msewu womwewo. Ataliyatsa, munayamba kumveka kaphokoso kachilendo, thi, thi, thi. Anatenga chigwiriro cha sikuludiraiva n'kugogoda pambali katatu, monga amachitira ndi valavu yokakamira.

Phokoso silinasiye. Apa ndi pamene anaimbira Charmaine, mayi wokonza makompyuta ku Glendale.

"Pa njinga? Maiwe, baba Shingai! Disiki si thumba la feteleza!"

"Ndinamanga bwino."

"Munamanga bwino! Ndiuzeni kuti simunaimenye."

Faustino anakankhira sikuludiraiva pambali.

"Mwaimenya. Anthu a mapampu inu, mutapatsidwa dzira mungaliyese ndi nyundo. Tamverani. Musaizimitsenso. Kwerani kombi mudzatenge disiki yanga yapadera, mukakopere zinthu zanu. Yambani ndi zofunika kwambiri. Mwamva? Ya m'bokosiyo yatsala ndi maola ochepa."

Anapita, nabwerako dzuwa lili paliwombo. Analumikiza disiki ya Charmaine n'kukhala pansi. Malaini asanu ndi limodzi anali pamaso pake. Mayi uja anati zofunika kwambiri, koma kwa Faustino zonse zinali za anthu, ndipo sankaona kuti iye ndani kuti asankhe banja ili n'kusiya lija. Dzanja linapita lokha pamwamba, pamene chilichonse cha pa purazi chimayambira. Anasankha zonse, kuyambira Laini 1, n'kudina. Nthawi yomweyo foni inalira: paipi yaikulu yaphulika ku munda wa kumadzulo, madzi akukokolola tirigu. Anathamanga.

Mu Laini 1 munali ukwati wa mwana wa foromani, vidiyo ya maola asanu, ndi mapwando a masiku obadwa a zidzukulu za makalaliki. Disiki yodwala inalimbana nazo zonsezo masana onse. Faustino atabwerako, matope ali m'mawondo, anapeza kukopera kwaima pakati pa Laini 4. Bokosi linali zii. Mawu a Sekuru Lazalo anali kafayilo kakang'ono. Akanayamba nako, kakanatha iye asanavale n'komwe nsapato.

M'mawa mwake ananyamula bokosi pamiyendo m'kombi, atalikulunga m'thaulo. Charmaine analiyesa mpaka masana. Kenako anavula magalasi, ndipo ulendo uno sanamuseke.

"Yafa, baba Shingai. Mkati mwakandika. Ngakhale ku Harare sangaidzutse."

Faustino anamuimbira Nobert ali pakhonde la shopu, ndipo ndi pamene anamva za nyimbo zija.

Nkhani yoti bokosi linadwala inamveka pakomboni. Lachinayi foromani anamuimitsa pa geti, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndamva kuti ukwati wa mwana wanga mwaupulumutsa wonse. Inu ndinu munthu, a Faustino. Mulungu akudalitseni."

Faustino anayang'ana pansi. Tsiku limenelo chakudya chinamukanika. Carolina anachotsa mbale osafunsa, kenako anabwerera n'kuima pakhomo.

"Mukhoza kunena kuti ndi magetsi, anthu angakhulupirire. Koma ine ndinaliona bokosi lija mutalitembenuza, ndipo ndinakhala chete. Tisawonjezerepo china."

Loweruka Tecla anafika ndi kope latsopano ndi bolopeni ziwiri. Anakhala pampando, n'kuyang'ana pa kabati pamene panalibe kanthu. Faustino anakhala pa mpando waufupi. Anafotokoza zonse motsatana, kuyambira pa kagetsi, njinga, kompuresa, mpaka malaini. Sanachepetse china chilichonse. Tecla anamvetsera kope lili pamiyendo.

"Tsiku la nhumbi lija munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndinakufunsani pamaso pa anthu."

"Munandifunsa, mlongo."

Panja nkhuku zinkapalasa. Tecla anatsegula kope, n'kuchotsa chivindikiro cha bolopeni ndi mano.

"Baba akulankhula munalipo. Nenani zimene munamva."

Faustino anatseka maso. Anatchula Ulongwe. Anatchula mtsinje umene umawolokedwa kawiri, ndi tchalitchi cha njerwa zofiira chokhala ndi belu lopachika pamtengo. Anati panali mlongo wawo wina, Eneless, kapena Anesi.

"Uti? Eneless kapena Anesi?"

"Sindikudziwa bwino."

"Mudzi?"

"Sindikukumbukira."

"Mfumu?"

Anapukusa mutu. Tecla anatseka kope. Sanalire, ndipo sanakweze mawu.

"Lachinayi ndikwera basi ya ku malire, ku Nyamapanda. Inu mupita nane. Mwina mukalimva dzinalo khutu lanu lidzadzuka. Bulangete munyamula ndinu."

Faustino anali ndi pasipoti imene analembetsa kale pofuna kukaona kwawo kwa makolo ake, koma anali asanaidinditsepo. Anakapempha tchuthi pakati pa nyengo yothirira, chinthu chimene anali asanachitepo pa zaka makumi atatu. Manijala anadandaula za mapampu, koma analola.

Ku Ulongwe anakhalako masiku asanu. Anayenda pa njinga zamoto ndi wapansi, kufunsa m'matchalitchi ndi kwa okalamba a m'misika. Matchalitchi a njerwa zofiira anapezeka ambiri, ndipo mitsinje yowolokedwa kawiri inalipo itatu. Za mnyamata wotchedwa Lazalo amene anapita ku mapurazi zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo, aliyense ankati kwawonso kunachoka wotero. Munthu akatchula dzina la mudzi, Tecla sankayang'ana wolankhulayo. Ankayang'ana nkhope ya Faustino. Mapazi a mayiyo anatupa, milomo inang'aluka. Kawiri konse Faustino anafuna kunena kuti, "Ndi umenewu," kuti mayiyo asiye bulangete, apumule, abwerere ndi mtima wokhazikika. Palibe akanamutsutsa. Kawiri konse anameza mawuwo n'kunena kuti sakudziwa.

Bulangete linabwerera nawo. Lili m'sutikesi kunyumba kwa Tecla, lopindidwa bwino.

Faustino akadali mlembi wa bungwe la maliro, ndipo akadali pa mapampu ake. Bokosi analiikira madisiki ena, ndipo mwezi uliwonse amatumizira banja lililonse zinthu zawo pafoni kuti zikhalenso m'manja mwawo. Akakumana ndi Tecla panjira ya ku shedi, mayiyo amamupatsa moni bwinobwino, amafunsa za Carolina ndi ana. Akatha moni amaima pang'ono.

"Mwakumbukira, mukoma?"

"Ayi, mlongo. Sindinakumbukire."

"Chabwino. Muyende bwino."