Mchenga wa kwa okumba golide

A Hilário a ku Fíngoè akalamba ndi utsi m'maso. Kuyambira unyamata wawo ntchito inali kuumba njerwa ndi kuziotcha, ndipo mitengo ya tsanya yomwe inathera m'mauvuni awo musayese kuiwerenga, mungadwale mutu. Anthu ankawanena kuti atha nkhalango, koma pomanga nyumba ankagula kwa iwo omwewo. Anthufe ndife otero.

Chaka chatha kunabwera bungwe lomanga sukulu, lokana njerwa zootcha. Linabweretsa makina opanikiza dothi, mchenga ndi simenti pang'ono, njerwa n'kuuma yokha pamthunzi. A Hilário anaphunzira msanga, ndipo anakondwa ngati mwana. Vuto linali mchenga, poti kumtsinje n'kutali. Tsiku lina anaona milu ya mchenga wosalala womwe okumba golide amasiya akatha kutsuka. Wosefasefa kale, wopanda mwini, wongofunika ngolo basi.

Asanaumbe za sukulu anayamba ayesera kwawo. Anamanga kanyumba ka malata, akazi awo n'kuzira pansi ndi dothi losakaniza ndi mchenga womwewo. Mwana wawo Zélia atachira mwana wamkazi, anafikira m'menemo. Sindinaonepo bambo wonyadira khoma ngati iwo, mlendo aliyense ankamugwiritsa kaye khomalo asanam'patse mpando.

Kenaka anafika Dona Mónica, injiniya wa bungwelo. Anafotokoza kuti sagula njerwa popanda chikalata chonena zomwe zalowamo, komwe zachokera, ndi zomwe zawonongeka pozipanga.

"Nkhuni, Tiyu Hilário?" anafunsa mayiyo, powatchula mwaulemu ngati amalume ake.

"Olo kamtengo kamodzi, Dona."

"Nanga mchenga?"

"Kwa magarimpeyiro, okumba golide aja. Sindinakumbe dzenje, sindinagwire mtsinje."

Mayiyo anasiya kulemba. Anayang'ana kanyumba kaja, matewera ali pachingwe, n'kufunsa motsitsa mawu ngati m'menemo mumagona mwana. Kenaka anawauza kuti okumba ena amagwirira golide ndi merikuriyo, mankhwala olemera, onyezimira, ndipo otsala amatayikira mumchenga. Kwa khanda ndi poizoni wodya pang'onopang'ono.

"Ndiye alimo?" anafunsa a Hilário.

"Sindikudziwa, tiyu. Mwina mulibe. Nditenga pang'ono akayeze ku Tete."

Anapala khoma ndi pansi, n'kukwera njinga yake yamoto. Sabata yomweyo mvula inayamba, ndipo yankho silinabwere. A Hilário akaimba lamya, mayiyo ankati koyezera kuja sanamalize, apirire.

Kupirira n'kosavuta kunena. A Hilário anasiya kudya bwino. Mwana akatsokomola, iwo mtima phaa. Akagona nthawi yaitali, ankatuma akazi awo kuti akamudzutse. Ndinawamvera chisoni, ndiponso ndinakwiya, chifukwa milu ija ili pambali pa njira, ana amaseweramo, ndipo palibe anaikapo ngakhale kachikwangwani.

A Hilário anauza Zélia kuti asamukire m'nyumba yakale ya udzu. Zélia anakana.

"Ababa, muja mukudontha ngati pansi pa mtengo. Mwanayu adwala chibayo ndikuona. Kuno n'zongoganizira."

Sananame. Kumweta udzu watsopano mu Januwale n'kosatheka, ndipo malata ena analibe. A Hilário anazungulira nyumba ziwirizo mpaka tsiku lomwe anapeza mdzukulu wawo atam'goneka chafufumimba pamkeka, dzanja litatulukira pansi, kenaka n'kulowa m'kamwa.

M'mawa mwake anatulutsa katundu wa Zélia, anakwera pamwamba pa kanyumba katsopano kaja ndi hamala, nayamba kuzula misomali. Akazi awo anawakumbutsa kuti njerwa zosaotcha zikakhala pamtetete dzinja lonse ndiye kuti nyumba yapita, ndipo mwina yankho lidzabwera loti mchengawo ngwabwino.

"Likadzatero ndidzalira nyumba," anatero a Hilário. "Ndipatsireni lata linalo."

Pofika masana malata onse anali pa nyumba yakale, atatsinikizidwa ndi miyala. Mvula inagwa madzulo. Zélia ankayamwitsa pouma, ndipo a Hilário anaima pakhomo kuyang'ana madzi akutsika m'makoma a nyumba yabwino kuposa zonse zomwe anamangapo. Ku Tete kudakali zii mpaka lero.