Apongozi Anga M'galimoto Yotseka Magalasi

Ndabwerako kutchuthi, abale anga, koma mtima sunakhale pansi. Ndikangogwira chitseko cha galimoto, ndimayamba ndasuzumira kumpando wakumbuyo.

Owerenga danga lino mukudziwa kuti chaka chino kumgodi wa mkuwa anandikweza, n'kundipatsa mpando umene kale unali wa mzungu. Mpandowo unabwera ndi zokoma zake, ndipo china mwa izo ndi ulendo wa pandege wa banja lonse nthawi ya tchuthi. Azungu ankapita kuchilumba cha Morishasi, pakati pa nyanja yamchere, atatenga yaya wa ana. Ine ndinati ufulu tinalandira tonse, nanenso ndipita komweko. Yaya tilibe, choncho tinatenga apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Katete kudzathandiza mkazi wanga kulera khanda.

Apongozi angawa ndi mayi wa mwambo. Chikwatire mwana wawo, sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana pakhomo pathu ku Mindolo, mumzinda wa Kitwe, iwo amapatuka n'kufunda chitenje kumutu, ine n'kumayang'ana kumpanda. Akafuna kundiuza kanthu, mawuwo amadzera mwa mkazi wanga. Ndipo ine ndinkanyadira, kumauza anzanga kuti kwathu ulemu ukadalipo.

Tsiku loti mawa tikubwerera, ndinabwereka kagalimoto kuti tizungulire chilumbacho. Kagalimoto kake kochepa, koti munthu ukayetsemula onse amva mphepo. Apongozi anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni, ndipo kagalasi koonera zakumbuyo ndinakapotoza kuti maso athu asakumane.

Dziko lokongola, ndisaname. Nzimbe mbali zonse, mapiri osongoka, nyanja yobiriwira mpaka kumene maso amalekezera. Mwana wathu wamkulu, Tereza, ankangofunsa kuti tsidya lake lili kuti. Mphepo itayamba kuwomba kwambiri, mkazi wanga anati titseke magalasi onse kuopa kuti khanda lingagwidwe ndi chimfine. Tinatseka.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pamunda wina umene amasungamo akamba aakulu oti mwana n'kukwerapo. Apongozi anauza mwana wawo kuti miyendo yatupa, atsala m'galimoto. Mkazi wanga anabereka khanda, kugwira Tereza padzanja, n'kulowa m'mundamo. Ine ndinatsala kulondera galimoto.

Nanga mkamwini n'kukhala m'kagalimoto awiriwiri ndi apongozi? Ndinapita patsinde pa mtengo chapatali, kufulatira, n'kuyatsa fodya. Nditacheuka kamodzi ndinaona awerama, chitenje chili kumutu. Mumtima ndinati: koma mayi waulemu uyu!

Chimene chinandidzidzimutsa ndi mayi wina wogulitsa kokonati pamsewupo. Ankakuwa m'chilankhulo chawo uku akumenya denga la galimoto. Ndinathamanga. Chogwirira chitseko chinandiotcha dzanja, ndipo nditatsekula munatuluka mpweya wotentha ngati wa pansi pa mgodi kumene mphepo sifika. Apongozi anali atakomoka, milomo itauma gwa. M'dzanja anali atafumbata kachitsulo kotayiramo phulusa la fodya. Anakazula poyesa kuti ndiko kotsekulira chitseko. Moyo wawo wonse, chitseko cha galimoto amachita kuwatsekulira.

Mudziwa chimene ndinachita? Ndinaima. Munthu akufa pamaso panga, ine ndikudzifunsa ngati n'kololedwa kuwagwira. Mayi wa kokonati uja anandikankha pamsana, ndipo m'pamene ndinawanyamula n'kuwagoneka pamthunzi. Iye anang'amba kokonati n'kuyamba kuwadonthezera madzi ake pakamwa.

Mkazi wanga anatulukira akuthamanga, khanda likulira kumsana, akundiitana monga amaitanira bambo wa mwana kuno kumigodi.

"Bashi Tereza, amai achita bwanji? Manje muimirira chani? Tiyeni ku chipatala!"

Chipatala chake chiti? Misewu ya m'nzimbe imafanana yonse. Mwayi wake mayi uja anasiya kokonati zake pamsewu, kukhala kutsogolo, n'kumandilozera ndi chala. Kumbuyo mkazi wanga ankapemphera mokweza, Tereza akulira. Ine maganizo ali ku Katete. Ndikawauza chiyani alamu anga? Kuti mayi wawo anafera m'galimoto ine ndikusuta fodya pamtengo? Nanga maliro amakwera bwanji ndege? Kapena tiwasiya m'manda a pachilumba pomwe palibe wodzalambula? Mantha otere sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene mwala unagwa pafupi nane kumgodi.

Mulungu ndi wamkulu. Pakachipatala kena anawathira madzi m'mitsempha, ndipo chakumadzulo anatsekula maso. Ine ndinaima pakhonde, ndikumvera pazenera.

"Amai, simunakuwe chifukwa chani?" anafunsa mkazi wanga. "Anali pafupi, akanamvera."

"Ndinawaona," anayankha motsitsa. "Koma ine n'kukuwira atate ake a Tereza ngati ndikuitana mwana? Anthu akanati chiyani?"

Anthu ati? Pachilumba chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti uyu ndi mpongozi, uyu ndi mkamwini. Anthuwo tinawanyamula tokha m'mitu mwathu kuchokera kuno, ndipo anatsala pang'ono kupha munthu.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza mwambo wa makolo. Kumudzi umayenda bwino chifukwa bwalo ndi lalikulu. Apongozi ali ndi nyumba yawo, ndipo akafuna kanthu pali azakhali, adzukulu, anansi, aliyense woti n'kumutuma. Mawu sasowa podzera.

Koma ife tabwera nawo mwambowo m'nyumba za kumgodi za zipinda ziwiri, mmene khomo ndi limodzi ndipo mpopi ndi umodzi. Mnzanga wina wa ku Lubuto ku Ndola anandiuza akuseka kuti apongozi ake anakhala kuchipinda Lamlungu lonse osamwa madzi, chifukwa njira ya kumpopi imadzera pabalaza pamene iye ankamvera mpira pawailesi. Tsiku limenelo nanenso ndinaseka. Lero sindikuseka.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'zoona. Nanga ngati wamva m'mimbayo tinamuphunzitsa kuyambira ali mtsikana kuti kulankhula n'chipongwe? Mkuwa watigulira magalimoto, masitovu amagetsi ndi mapulaimasi ophikira a palafini, zinthu zimene zimavulaza msanga, osadikira kuti wotumidwa abwere kumsika. Amayi athu okalamba tikuwaika pakati pa zinthu zimenezi, osawaonetsa pogwira, kenako n'kuwafulatira mwaulemu.

Tinafika ku Mindolo Loweruka. Apongozi ali bwino m'thupi, koma chimvere kuti ndinawanyamula ndi manja angawa, sakutuluka kuchipinda ine ndikakhala pakhomo. Akuti manyazi awagwira, akufuna kubwerera ku Katete. Za kukomoka sakuzitchula n'komwe.

Dzulo ndinatuma mkazi wanga kuti akawauze mawu awa: tsiku lina zikadzavuta, kaya ndi moto kaya ndi matenda, adzandiitane mokuwa, ngakhale ndi dzina langa lenileni, sindidzakwiya. Mkazi wanga analowa, n'kutuluka ndi yankho.

"Akuti zikomo, mwalankhula bwino. Koma akuti zikadzavuta adzadikira ine."

Mkazi wanga amapita kumsika wa Chisokone kukagula ndiwo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ine ndikagwira ntchito ya usiku ndimakhala ndili m'tulo masana onse, chipinda chimodzi chokha kuchokera pamene iwo ali ndi khanda.

Akamwini anzanga a ku Kitwe ndi ku Ndola, inu amene mumanyadira kuti apongozi anu sanakulankhulenipo: atadwala lero masana, mkazi wanu ali kumsika, aitana ndani?