Maenje a Mbali Yanga

Amuna anga anali mlangizi wa thonje ku Ngokwe, ndipo kuntchito anawapatsa mthuthuthu. Pa njinga yamoto ija, ndisaname, anali katswiri. Chilimwe, madzi a nyanja ya Chiuta akabwerera m'mbuyo, iwo ndi alangizi anzawo ankapita kudambo Loweruka kukapikisana. Ankalumpha zulu ndi ngalande, fumbi lili koboo, asodzi atasiya matemba pathandala n'kumawakuwiza. Amuna anga ankabwerako atafiira ngati mbatata ya kholowa, koma osagwa.

Ine ndinkakwera kumbuyo chammbali, chitenje nditachipana bwino, poti masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu. Sindinkaopa. Pomwe tayala lakutsogolo ladutsa, lakumbuyo linkadutsanso pomwepo. Iwo akalewa dzenje, ndiye kuti nanenso ndalilewa.

Kenako anagula galimoto yotsegula kumbuyo kwa mkulu wina wogulitsa nsomba zouma. Fungo la mlamba silinatulukemo mpaka kufa kwa galimotoyo. Kuyendetsa anaphunzira msanga, ndiye matama ake! Ankati, "Munthu woti anathana ndi matayala awiri, anayi angamuvute chiyani? Uwu ndi mpando woyenda basi."

Zina ankanena zoona. Mchenga woti utitimiza ankaudziwira patali. Makande oterera ankawazindikira ndi mtundu wokha, ndipo mbuzi isanaganize zodumpha msewu iwo anali ataponda kale buleki. Koma pokhota ankapendekeka thupi lonse mpaka mutu kugunda galasi, ngati galimoto iwatsatira. Izi ndinkangoseka. Chimene sindinkaseka n'chakuti ankasankhabe msewu ngati ali pa mthuthuthu. Akaona kanjira kosalala, ankalunjikapo ndi mbali yawo ya chiwongolero, n'kuiwala kuti kumanzere kuli matayala ena awiri, ndipo pamwamba pake pakhala munthu.

Ndinapirira miyezi ingapo osanena. Mwamuna wonyadira luso lake umamuyamba bwanji? Koma chaka chimenecho ndinali woyembekezera, ndipo mimba ziwiri zoyamba zinali zitapita padera. Mwezi wachisanu ndi chitatu utakwana tinagwirizana kuti ndikadikirire kwa amayi anga ku Kalembo.

Tinanyamuka m'mawa, mvula itangokata. Tisanafike n'komwe pa Nselema, tayala la mbali yanga linagwera m'dzenje, khu! Ndinamva kukoka m'munsi mwa mimba, kukoka kumene ndinali nditakumvapo kale kawiri. Mantha anandigwira, mkwiyo n'kubwera pambuyo pake.

"Imani, abambo."

"Mukufuna kuthengo?"

"Iyayi. Imani basi."

Ndinatsika, dzanja lili pachiuno, n'kuyenda kubwerera kumene tinachokera. Iwo ananditsatira akung'ung'udza kuti tichedwa. Dothi linali lonyowa, choncho matayala anali atasiya mikwasa iwiri yooneka bwino. Ndinawalozera wakumanja. Unkayenda mwaulemu pamtunda posalala, n'kumazemba chithaphwi chilichonse. Kenako ndinawalozera wakumanzere. Unkalowa m'dzenje, kutuluka, kukwera mwala, kulowanso m'dzenje lina, mpaka pomwe maso amalekezera.

"Uwo ndi msewu wanu," ndinatero. "Uwu ndi wathu, ine ndi mwana wanuyu."

"Koma ine sindinamve kanthu, mayi."

"Eetu, simunamve. Mungamve bwanji?"

Ndinkayembekeza mkangano, ndipo mawu ena owawa ndinali nditawakonza kale. Sanandipatse mpata wowagwiritsa ntchito. Anayenda okha kutsatira mkwasa wanga uja kamtunda ndithu, manja ali kumbuyo monga ankachitira poyendera munda wa thonje wogwidwa ndi mbozi. Pa dzenje lalikulu lija anagwada n'kuloweramo mkono mpaka m'chigongono. Pobwera anali atavula chipewa. Ananditsegulira chitseko, anapinda jekete lawo n'kundiikira kumsana.

Ulendo wotsalawo unali wa kamba. Anthu a njinga zakapalasa, madengu a nsomba ali kumbuyo, ankatipitirira akutiyang'ana modabwa. Katswiri wa kudambo uja ankasuzumira kutsogolo kwa mbali yanga ngati akulowetsa ulusi m'singano. Pomwe panalibe kolewera, dzenje ankalipereka kumbali yawo, mutu wawo n'kugunda denga, gu! Ine ndinkaluma mlomo kuti ndisaseke. Kukoka kuja kunayamba kuzilala tili pa Ntaja. Pa mlatho wa Liwonde anatiimitsa kuti tionetse makadi a chipani, ndipo tinalowa kwa amayi kumzikiti akuitanira swala ya madzulo.

Mwana anadikira masiku ake. Ndi wamkazi, lero ali ndi ana ake atatu.

Anthu akamatsutsana ngati mthuthuthu umaphunzitsa munthu galimoto, ine ndimati maso umaphunzitsadi. Zoti pambali pako pali mnzako, zimenezo mthuthuthu suphunzitsa, amuna anga anakaziphunzira atagwada m'matope.

Galimoto ija tinakhala nayo zaka zambiri, ndipo inayamba kuyenda chopendekeka. Makaniko wina wa ku Balaka anawafunsa ine ndili pomwepo kuti, "Bwana, galimoto zonse za kumidzi zimathyoka masipuling'i akumanzere, kumphepete kwa msewu. Yanuyi bwanji imangothyoka mbali ya dalaivala?" Amuna anga anakanda m'mutu n'kuyankha kuti mwina ndi kunenepa. Munthu wake anali wowonda ngati bango.