A Telala Akana Madzi

Asanalowe ntchito m'chipatala, Wamtali ankanyamula matumba a simenti kumalo omanga nyumba. Dzinalo anamupatsa ndi anzake a kumeneko, ndipo linamutsatira mpaka m'wodi ya abambo. Fumbi la simenti litayamba kumutsokomoletsa, mkazi wake anamuuza kuti afune ntchito ya pamthunzi. Anaphunzira kwa miyezi ingapo za kuthandizira anamwino, kenako anamulemba moyeserera. Ikatha miyezi itatu, a Sisita oyang'anira wodiyo adzalemba ngati akuyenera kukhala kapena ayi.

Anayamba m'nyengo yachisanu, pamene madzi a m'beseni amazizira usanamalize kusambitsa msana. Ankasambitsa amene sangadzuke, kuyambira kumaso kutsikira kumapazi, n'kusintha madzi asanafike kumalo obisika. Ankameta ndevu, kuwenga zikhadabo, kutsuka m'kamwa. Maola awiri akakwana ankatembenuza odwala kuti asatuluke zilonda. Anaphunzira kusintha mashiti munthu ali pabedi pomwepo. Ndipo ankapukuta amene wadziipitsira.

Zambiri mwa izi zinamuyanja. Mikono yake inkadzutsa bambo wonenepa popanda kumugwedeza. Koma fungo linamukanika, ndipo sanauze munthu. Anadzipezera njira yake. Akatseka katani ankakoka mpweya wambiri, n'kuutsekera m'chifuwa, n'kugwira ntchito mwachangu milomo ili gwa. Akatha ankapita pawindo ngati akukayanika thaulo, n'kupumira kunja. Anamwino ankamuyamikira kuti ndi wachangu.

Kunyumba ankasamba m'manja katatu asanadye.

"Abambo ake, sopo m'nyumba muno akutha ndi manja anu okha," anatero mkazi wake tsiku lina. "Ntchitoyi mukuitha koma?"

"Ikuyenda."

"Mukamati ikuyenda ndiye kuti ikukukwawirani."

Wamtali anaseka.

Chisanu chinatha, mphepo ya fumbi inadutsa, dzuwa linayamba kuwawa. Mtengo wa kuseri kwa wodi unaphuka masamba mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Nthawi imeneyo anabweretsa bambo wina wokalamba amene anathyoka fupa la m'chiuno atagwa pamasitepe. Anali telala, ndipo aliyense ankangowaitana kuti a Telala. Ngakhale pabedi ankafuna kolala ya malaya awo ikhale yowongoka. Masiku oyamba ankalankhula ndi wodi yonse, kunyoza misoko ya yunifolomu ya aliyense wodutsa. Atawapereka m'manja mwa Wamtali, anayamba kuchepetsa mawu.

Lolemba la sabata yomaliza, a Sisita anamuitanira kukhonde.

"A Wamtali, kapu ya a Telala ndikuipeza yodzaza, lero tsiku lachitatu. Milomo yawo yasweka, mkodzo wada. Chakudya akungochinyomola. Kutentha kotereku munthu wa msinkhu umenewo impso sizichedwa kufooka. Akapanda kumwa lero, mawa tiwaika diripi."

"Ndimawapatsa, mayi. Amakana."

"Anayamba kukana mutawatenga inu. Sindikuti munawalakwira. Ndikuti sindikudziwa. Lachisanu ndikulemba za inu, ndipo pakali pano ndilibe choti ndilembe."

Wamtali anaima pakhondepo kwa kanthawi. Nyenje zinkalira mumtengo. Anaganiza za matumba a simenti ndi chifuwa chake, kenako analowa.

Anawapeza a Telala akuyang'ana kudenga. Anatseka katani, n'kukokera mpando pafupi.

"Madala, imwani pang'ono. Madziwa ndangotunga kumene."

"Ludzu ndilibe."

"Milomo yanu ikunena zina."

"Milomo ndi yanga, ineneretu zimene ikufuna."

"Kodi ndinakulakwirani?"

A Telala anatembenuza mutu n'kumuyang'ana, osati kumaso koma pachifuwa.

"Iwe Wamtali, ine ndayeza zifuwa za anthu zaka makumi anayi. Munthu akabwera kudzasoketsa suti amabweza mimba, n'kugwira mpweya kuti aoneke mnyamata. Ndimamuuza kuti puma bambo, batani lidzaduka pa ukwati. Ndiye iwe ukufuna undibisire ine?"

Wamtali anaika kapu pansi.

"Ukamandipukuta supuma. Ndimawerenga. Lachinayi unafika makumi asanu ndi limodzi, maso atatuluka ngati a nsomba. Kenako unathamangira pawindo ndi thaulo louma."

"Madala..."

"Sindikukudzudzula, mwana wanga. Ndani angakonde zimenezi? Ndangoona kuti ndikapanda kumwa ndi kudya, zotuluka zichepa. Iwe upuma, ine manyazi andichepera. Tonse tapindula."

Nkhope ya Wamtali inatentha. Bodza linali pafupi, loti fungo salimva n'komwe, kuti anazolowera. Koma anadziwa kuti munthu amene wakhala akumuwerengera mpweya sangamunamize.

"N'zoona," anatero. "Fungo limandivuta. Sindinazolowere."

"Ndiye ndimati chiyani?"

"Koma si lanu lokha. La bedi yachiwiri limandivuta, la mwana wanga yemwe limandivuta. Mayi ake amandiseka. Vutolo ndi la mphuno yanga, si la impso zanu. Inu mukafooka nazo, ine fungo lindivutabe pabedi yotsatira."

"Ndiye uisiye ntchitoyi. Unabadwa wamphamvu, kanyamule zinthu zosanunkha."

"Mwina ndiisiya. A Sisita aweruza Lachisanu. Koma lero ndi Lolemba, ndipo ndidakali pano."

A Telala anayang'anitsitsa yunifolomu yake. Kenako anakweza dzanja n'kutsina msoko wa paphewa pa Wamtali.

"Anakusokera ndani chimenechi?"

"Anangondipatsa."

"Chikukuthina m'khwapa. Nanga munthu angapume bwanji m'thumba lotere?"

"Mundiuza posokolola. Koma muzindiuza ndikugwira ntchito, ndipo ine ndiziyankha. Munthu sangalankhule atagwira mpweya. Mukaona ndakhala chete, mundikalipire."

"Kukalipa ndiye ndimakutha."

"Yambani ndi kapuyi."

Anawadzutsa mutu ndi mkono umodzi. A Telala anamwa pang'ono, n'kupuma, n'kumwanso mpaka theka. Anati madziwo akukoma chitsulo. Masana anamaliza theka linalo, n'kudya zimene mwana wawo wamkazi anabweretsa.

M'mawa mwake, dzuwa litangofika pamabedi a kuwindo, mawu anamveka wodi yonse.

"Wamtali! Madzi ako aja agwira ntchito. Bwera ndi beseni."

Anavala magolovesi, anatseka katani, anawatembenuzira kumbali. Fungo linamumenya monga mwa masiku onse. Chifuwa chinafuna kutseka chokha.

"Wakhala chete," anatero a Telala, nkhope ili kukhoma.

"Ndilipo. Munati posokolola ndi pati?"

"Uyambire m'khwapa, osati paphewa. Ukayambira paphewa wawononga malaya. Uli ndi lezala kunyumba?"

"Lilipo."

"Usagwiritse lezala, mbuli iwe. Upeze singano yaikulu."

Pakati pa ntchito Wamtali anamva mseru. Anaima, anameza malovu, anati pepani, n'kupitiriza. Zinamutengera nthawi yowirikiza kawiri kuposa kale. Chifukwa sankathamanga, anaona kachigamba kofiira pansi pa msana kamene masiku onsewo sanakaone. Anapukuta bwino, n'kukauza a Sisita. Iwo anabwera, anayang'ana khungulo, anayang'ana kapu, n'kulamula kuti a Telala azitembenuzidwa pafupipafupi. Za diripi sanazitchulenso.

Lachisanu anamuitaniranso kukhonde. Kumwamba kunali mitambo yoyamba ya chaka, yopanda mvula.

"Mwayamba kuchedwa, a Wamtali. Dzulo tiyi anafika musanamalize mabedi anu."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndipo nkhope yanu imaonetsabe zonse."

"Imeneyo sindinaipezere mankhwala."

"Ndalemba kuti mukhale miyezi ina itatu, tidzaonenso. Sindinalembe kuti mwakhoza. Sabata yamawa kukubwera bambo wa chilonda cha mwendo chimene anamwino awiri achithawa. Ndikumupereka kwa inu."

Wamtali anavomera, n'kupita kukatunga madzi ofunda a bedi yachinayi.