Kansalu kakuda pamkono panga

Lamba wa wotchi yanga anaduka ndikukumba mtedza kumunda kwanga ku Zemba. Anali atayamba kale kung'aluka ndi dzuwa, ndiye tsiku limenelo anangokodwa pampini wa khasu, basi n'kuduka. Kawotchiko kanagwera m'dothi, ndipo ndinakafufuza nditagwada mpaka ndinakapeza pansi pa masangwi a mtedzawo.

Wotchiyo anandigulira mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lusaka, atamva kuti kukiliniki andipeza ndi matenda othamanga magazi. Imawerenga mmene ndayendera komanso kugunda kwa mtima, ndipo iye akaimba foni amayamba wafunsa zimene yanena asanafunse za mvula. Ukaichotsa mulamba wake wamphira, imatsala kanthu kakuda kotalika ngati chala chaching'ono. Pamwamba pake sipaoneka kanthu mpaka utakakhudza, koma kunsi kumaphethira kamoto kobiriwira koyenera kugunda pakhungu.

Ndinapalasa njinga mpaka kuboma ku Chadiza. Ogulitsa zamafoni anandionetsa malamba a mawotchi wamba, koma palibe amene anakwanira. Mwana wanga anati atumiza watsopano akapeza munthu wobwera kuno. "Koma amayi, musasiye kuivala. Pezani njira," anatero.

Njira ndinaipeza. Ndinadula kansalu kakuda pasiketi yakale, ndinasoka kathumba kothina bwino, n'kusiya kabowo kunsi kuti kamoto kaja kazifika pakhungu. Popeza kansaluko kankatsetsereka ndikamagwira ntchito, ndinkakamanga chapamwamba, pafupi ndi chigongono, mkati mwa mkono wa bulauzi. Ndinadziyamikira kuti ndasoka bwino. Sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono kuti ndasoka chinthu chofanana ndi chithumwa.

Lamlungu lotsatira tikuimba m'tchalitchi, ndinakweza dzanja ndipo mkono wa bulauzi unatsika. Pambali panga panali mnzanga wa kutsidya kwa dambo, mayi amene tinavala naye yunifolomu ya amayi a mpingo tsiku limodzi, tonse tili ndi ana kumsana. Kuyambira pamenepo takhala pabenchi imodzi. Ndinaona kuti wayang'ana mkono wanga n'kuyang'ana kumbali. Potuluka tinayenda limodzi mpaka padambo, tikukamba za mtengo wa mtedza. Sanafunse chilichonse.

Patangopita masiku ochepa, mkulu wa mpingo wa m'dera lathu anafika pakhomo panga, chipewa chili kumanja. Anakana mpando. Anati kwamveka nkhani yakuti ndikuyenda ndi mankhwala pathupi, choncho ndiyambe ndapumira kuvala yunifolomu ndi kudya Mgonero mpaka akulu atakhala pansi. Ndinafuna kumuonetsa pomwepo, koma anabwerera m'mbuyo manja ali m'mwamba. "Ayi amayi, musaonetse ine ndekha. Mukaonetsa pabwalo."

Bwalolo analiika pambuyo pa Mgonero, chifukwa abusa amayendera mipingo ingapo ndipo kwathu amafika mwa apo ndi apo. Motero tsiku la Mgonero ndinakhala kumbuyo nditavala chitenje wamba, mbale ndi zikho zikudutsa patsogolo panga. Atsikana amene ndinawaphunzitsa katekisimu ankandiba ndi maso. Sindinalire. Mtima unali kuwira, ndipo kawotchi kanga, kali pomwepo pamkono, kayenera kuti kanadabwa nako kugundako.

Kuti mumvetse mkwiyo wanga, ndiyenera kunena za amuna anga. Atadwala matenda amene anawatenga, abale awo anabwera ndi kachithumwa kochokera kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, n'kunena kuti ndiwamange m'chiuno. Amuna anga anali atandiuza kale, akadali ndi mawu, kuti zimenezo safuna. Ndinakana. Alamu anga ananditukwana pakhonde panga pomwe, akuti ndikufuna mbale wawo afe kuti ndidye munda. Ndinatenga kachithumwako n'kukakaponya m'chimbudzi iwo akuona. Amuna anga atamwalira, abalewo sanandipatse moni kwa zaka. Ndipo amene anaima nane tsiku limenelo, atandigwira paphewa, anali mnzanga yemwe uja wa kutsidya kwa dambo.

Tsiku la bwalo, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndinapeza akulu atandandalika pamipando, abusa pakati. Pakona panali mboni. Ndinali ndikuganizira anthu ambiri, koma osati mnzanga uja wa kutsidya kwa dambo. Anakhala atazolika, akupotokola nsonga ya chitenje.

Anamuuza kuti alankhule. "Ndinaona kansalu kakuda kobisidwa mubulauzi," anatero motsitsa mawu. "Ndipo mkati mwake munkayaka moto."

Ndinamasula kansaluko n'kukaika patebulo. Amuna akuluakulu, ena a imvi, anakankhira mipando m'mbuyo. Mmodzi anakatembenuza ndi nsonga ya bolopeni, kamoto kaja n'kuphethira, ndipo wina anati, "Ambuye atichitire chifundo!" Ndinadula ulusi ndi mano, ndinatulutsa kawotchiko, ndinakakhudza ndi chala. Nthawi inaoneka poyera. Ndinakakanikiza padzanja langa, kamtima kofiira kanayamba kugunda pagalasi.

Akulu aja anasendera pafupi kuti aone. Kenako mkulu wina anatsokomola n'kunena kuti mphwake wa ku Chipata ali nayo yotereyi, kungoti yake ili ndi lamba. Abusa anaseka pang'ono, akulu nawo anaseka, ngati kuti tonse tinakumana kudzacheza. Ine sindinaseke.

Chigamulo chawo ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Anati mlandu palibe, yunifolomu ndivale. Koma anaonjeza kuti nanenso ndinalakwa posoka chinthu chokhumudwitsa ofooka m'chikhulupiriro, choncho wotchiyo ndisabwere nayo kutchalitchi mpaka lamba weniweni atafika. Wolakwa ndinakhala ine ndi singano yanga! Mawu akuti pepani sanatuluke pakamwa pa munthu aliyense. Mgonero umene unandidutsa palibe anautchula.

Lamba watsopano anabwera pa minibasi, kondakitala atamusunga m'thumba la malaya. Anali wofiirira, wonunkha mphira watsopano. Kulowetsamo kawotchiko kunali kosavuta kuposa kulowetsa ulusi pasingano: kungokankha ndi chala chachikulu mpaka kati tswa, basi. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana lambayo. Kanthu kopepuka chonchi n'kamene kanali kusiyanitsa mkhristu ndi munthu wa zithumwa m'maso mwa anthu amene andidziwa moyo wanga wonse.

Mawa lake ndinakumana naye mnzanga uja pamjigo. Anayang'ana dzanja langa n'kumwetulira mokakamiza.

"Eee, tsopano ikuoneka kuti ndi wotchi," anatero. "Musandisungire kumtima, anzanga. Ndinkaopa kuti mwina matendawa akuopsezani, ndiye mwapita kwina. Ndinkafuna kukuthandizani."

Ndinatula ndowa pansi. "Kuchoka patchalitchi kufika padambo tinayenda awiriwiri," ndinatero. "Pakamwa munali napo. Mukanati, anzanga, ichi n'chiyani? Ndikanakuonetsani pomwepo panjira."

"Ndinachita manyazi kufunsa."

"Manyazi a kufunsa ine munali nawo, koma a kukanena kwa akulu munalibe?"

Amayi ena pamjigopo anasiya kupopa.

"Ena aja ndawakhululukira, sanaone," ndinapitiriza. "Koma inu munalipo. Munandigwira paphewa ndikutaya chija m'chimbudzi, amuna anga akubuula m'nyumba. Ndinakana kumanga chithumwa pa munthu amene ndikanapereka moyo wanga kuti achire. Ndiye mumati ndadzimangira ndekha chifukwa cha kuthamanga kwa magazi?"

Misozi inalengeza m'maso mwake. Ndinasenza ndowa yanga ndekha, ngakhale kuti kwa zaka zonsezi amene ankandisenzetsa anali iye.

Lamlungu ndinavala yunifolomu yanga, nditaisita bwino, wotchi ili poyera padzanja. Iye anali atafika kale, atandisungira malo pabenchi yathu poikapo buku lake la nyimbo. Ndinawaona malowo. Ndinadutsa n'kukakhala benchi ya kutsogolo.